KUMENE LINACOKERA LIU LAKUTI "VANISH"

Madzulo ano ndifuna kuti tilondole mapazi a liu limodzi la Cizungu, monga mlenje alondola mapazi a nyama kufikira kumene inagona. Liu lace ndi lakuti "vanish". Ambiri a inu munalimva kwa kapitao pamene cipangizo cina casowa pa nchito, ndipo ena munaliwerenga m'nyuzipepala pamene msungi wa cuma wathawa ndi ndalama za anzace. M'Cinyanja tingati kuzimirira, kapena kusowa mwadzidzidzi osasiya ndi phazi lomwe. Mngelezi aliyesa liu la makolo ace, komatu lakhala m'kamwa mwa Angelezi zaka zongopitirira pang'ono 700. Lisanafike kwa iwo linali la Afalansa. Lisanafike kwa Afalansa linali la Aroma. Ndipo Aromawo analilandira kwa makolo ena akale kwambiri, amene sanasiye buku kapena mwala wolembedwa. Tiyenda cobwerera m'mbuyo, kuyambira pafupi kunka kutali.

Tiyambe ndi nkhondo. Pa 14 October 1066 William, kalonga wa dziko la Normandy kumpoto kwa France, anakomana ndi Harold mfumu ya Angelezi pafupi ndi mudzi wa Hastings. Harold anafa tsiku lomwelo, ndipo pa tsiku la Khrisimasi William anavekedwa ufumu m'chalichi ca Westminster ku London. Iye anagawira nduna zace minda ndi midzi, naika anthu a kwao pa mipando ya mabishopu ndi ya oweruza. Onsewa analankhula Cifalansa. Kwa zaka pafupifupi 300 munthu wofuna kumveka ku bwalo la mfumu kapena pa mlandu waukulu anafunika Cifalansa, wansembe ndi mlembi analemba Cilatini, ndipo Cingelezi cinatsala m'kamwa mwa olima, abusa ndi anchito a m'khichini. Inde, cinenero cimene lero tiumirizira ana athu ku sukulu cinali pa nthawi ina cinenero ca anthu wamba, cimene akulu a dziko anacipeputsa.

Koma zinenero ziwiri sizikhala m'dziko limodzi osabwerekana. Inu a ku Kitwe ndi ku Luanshya mudziwa bwino umo "compound" inasandukira komboni, ndi "shovel" fosholo. Cimodzimodzi ku England. Akatswiri awerenga mau oposa 10,000 amene analowa m'Cingelezi kucokera ku Cifalansa m'zaka zimenezo, ndipo ambiri a iwo akali pa nchito mpaka lero. M'caka ca 1362 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Cingelezi, pakuti anthu anali kuweruzidwa osamva cimene cinanenedwa pa iwo. Coseketsa n'cakuti lamulo lomwelo linalembedwa m'Cifalansa. Cingelezi cinapambana potsiriza, koma cinatuluka m'nkhondoyo citavala malaya a mdani wace.

Angelezi akale sanali kusowa liu lonenera kuzimirira. Anali nalo lao, lakuti "fordwinan". Limenelo linagonja ndi kufa, ngakhale kamdzukulu kace katsala m'liu lakuti "dwindle", ndiko kucepa pang'ono pang'ono. Abale ao a ku Holland sanalitaye, ndipo anthu amene anagwira nchito ku Johannesburg analimva m'kamwa mwa Mabunu, amene akafuna kunena kuzimirira ati "verdwyn". Limodzi la mabuku oyamba m'mene liu latsopanoli lipezeka ndi la Robert Mannyng, munthu wa chalichi wa ku Bourne m'dera la Lincolnshire, amene m'caka ca 1303 anayamba kutembenuza buku la Cifalansa lonena za macimo, kuti anthu osadziwa Cifalansa kapena Cilatini amve. Pothandiza osadziwa Cifalansa anawapatsa liu la Cifalansa, ndipo palibe cosonyeza kuti anthuwo analiona lacilendo.

Tsono tione umo liuli linaumbikira, pakuti apa pali zokoma. Afalansa a masiku amenewo ananena "esvanir". Koma pofuna kunena kuti ife tiri kuzimirira, kapena iwo ali kuzimirira, anali kuikapo kacidutswa kakuti "iss" pakati pa tsinde ndi mathero a liu. Khutu la Mngelezi linamva kacidutswa kameneko kawirikawiri, ndipo iye anakayesa mbali ya liu lenileni, nakachula "ish". Ndico cifukwa cace mau ambiri a Cizungu athera momwemo: "finish", "punish", "polish", "perish", "banish". Onsewa anaoloka nyanja pa bwato limodzi.

Nanga mutu wa liuli, kaja kakuti "es", unapita kuti? Unazimirira. Angelezi amakonda kutsindika mbali imodzi ya liu ndi kumeza mbali yofooka, makamaka ikakhala patsogolo. Kotero "disport" inasanduka "sport", "defence" inabala "fence", ndi "esquire" inakhala "squire". James Murray, mkonzi wa dikishonale yaikulu ya ku Oxford, anacha kacitidwe kameneka "aphesis" m'caka ca 1880. Ife sitidabwa naco, pakuti ticimva tsiku ndi tsiku ku komboni. Mbemba anena "umuntu" ndi "icintu" pamene ife tinena munthu ndi cinthu, ndipo akatswiri ambiri akhulupirira kuti makolo athu ndiwo anataya cilembo coyambaco, osati kuti Abemba anacionjezera. Afalansa a lero asunga mutuwo. Iwo anena "s'évanouir", ndipo kwa iwo liuli litanthauza kuzimirira ndiponso kukomoka, monga ngati munthu wokomoka wacoka m'thupi mwace kwa kanthawi.

Cifalansa naco ndi mwana wa cinenero cina. Pakati pa 58 ndi 50 B.C. Julius Caesar anagonjetsa dziko la Gaul, limene lero ndi France ndi Belgium, ndipo pambuyo pa asilikali panadza amalonda, okhometsa msonkho ndi aphunzitsi. Pang'ono ndi pang'ono anthu a dzikolo anasiya cinenero cao nayamba Cilatini. Koma sicinali Cilatini ca m'mabuku ai. Cinali ca pa msika ndi ca ku misasa ya asilikali, codula mau ndi cosasamala malamulo a aphunzitsi. Anthu ophunzira a ku Roma analemba "evanescere". Anthu wamba, monga ayesa akatswiri, ananena "exvanire". Liu limeneli silipezeka m'buku liri lonse lakale, cifukwa cace polilemba akatswiri aika kanyenyezi patsogolo pace, kusonyeza kuti analipeza mwa kulinganiza ana ace: "esvanir" wa Afalansa ndi "svanire" wa anthu a ku Italy. Ukaona ana awiri ofanana mphuno ungathe kunena za mphuno ya atate ao, ngakhale sunawaone.

Liu la ophunzira lija ndi lomangidwa bwino, monga nyumba ya njerwa, ndipo tingathe kuliphwasula. "E" atanthauza kucoka kapena kutuluka. "Van" atanthauza copanda kanthu m'kati. "Esc" atanthauza kuyamba kukhala, ndipo ameneyu ndiye gogo wa "iss" ndi "ish" amene tawaona aja. Kuika zonse pamodzi, "evanescere" ndiko kuyamba kukhala wopanda kanthu kufikira kutheratu. Cicero, mlembi wochuka wa ku Roma, analinena za vinyo amene asukuluka ndi ukalamba. Onani kusiyana kwa maganizo a mitundu. Liu lathu lakuti kuzimirira liri ndi kuzima m'kati mwace. Makolo athu poona cinthu cirikutha anakumbuka moto. Mroma anakumbuka mtsuko wotsala pululu.

Tsinde la zonsezi ndi liu lalifupi lakuti "vanus". Aroma analinena za ngala ya tirigu yopanda maso, imene ioneka bwino m'munda koma pokolola upeza mankhusu okha. Kucokera m'munda linapita kwa anthu, ndipo munthu wochedwa "vanus" anali wamabodza, wodzitama, wolonjeza zimene sangathe. Kumeneko ndiko kunacokera "vain" ndi "vanity" a Angelezi, amene anena za kunyada ndiponso za cinthu cacabe. Pamene Jerome anatembenuza Baibulo m'Cilatini, ca kumapeto kwa zaka za ma 300 ndi kuciyambi kwa za ma 400, anapeza m'buku la Mlaliki liu la Cihebri lakuti "hevel", ndiko mpweya kapena nthunzi, ndipo anasankha "vanitas" kuti liime m'malo mwace. Kwa zaka zoposa 1,000 anthu a ku Europe anamva liulo m'machalichi ao. Ine ndiganiza kuti anasankha bwino, pakuti nthunzi ndico cinthu cimene cizimirira uli kucipenya. Ndicenjeze pano anzanga a pansi pa mgodi: "vein" amene mumtsata m'thanthwe amveka cimodzimodzi ndi "vain", koma sali pa cibale. Iye acokera ku "vena", ndiwo mtsempha wa magazi.

Apa tsono pali cinsinsi cimene cilembo cabisa. Aroma a m'masiku a Caesar sanachule "v" monga acita Azungu a lero. Anamchula monga "w" wathu. Liu lija linamveka "wanus". Mukalinena motero, mumva pomwepo kuti lifanana ndi mau awiri amene Mngelezi sanabwereke kwa Afalansa. Loyamba ndi "wane", limene alinena za mwezi pamene uli kucepa kunka ku mdima. M'Cingelezi cakale linali "wanian". Laciwiri mulidziwa nonse, pakuti ndi limodzi la mau oyamba amene munthu aphunzira pofuna nchito, lakuti "want". Limeneli linadza ndi Maviking, anthu a ngalawa ocokera ku Denmark ndi Norway, amene anafunkha nyumba ya amonke ku Lindisfarne m'caka ca 793, nalanda mzinda wa York m'caka ca 866, nakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. M'cinenero cao "vanta" anatanthauza kupanda cinthu. Kwa zaka mazana ambiri "want" sanali kufuna ai, anali kupanda. Tanthauzo la kukhumba linakula pambuyo pace, ca m'zaka za ma 1700, pakuti cimene munthu alibe ndico acifuna. Palinso "wanton", munthu wopulukira, limene poyamba linatanthauza wopanda maleredwe, monga tinenera ife kuti mwana wosalangidwa.

Kodi simukuona kuti zimenezi tiri nazo ifenso? Tikati mbuzi yasowa, ndiye kuti yazimirira. Tikati ndasowa ndalama, ndiye kuti ndiribe ndipo ndizifuna. Liu lathu limodzi lisenza katundu amene Mngelezi anagawira "vanish" ndi "want", osadziwa kuti awiriwo ndi ana a mimba imodzi. Sindikunena kuti Cinyanja ndi Cingelezi ziri pa cibale. Kusowa ndi "want" sizinacokere kumodzi. Kufanana kuli m'maganizo a anthu, amene kuli konse aona kuti kucoka kwa cinthu ndi kucifuna ziyendera limodzi.

Koma cinacitika n'ciani kuti Mroma ndi Mviking akhale ndi liu limodzi, pamene wina sanabwereke kwa mnzace? Yankho linacokera kutali, ku India. Pa 2 February 1786 Sir William Jones, woweruza milandu ku Calcutta, anauza anzace a bungwe la Asiatic Society kuti Cisansikriti, cinenero cakale ca mabuku opatulika a Ahindu, cifanana kwambiri ndi Cigiriki ndi Cilatini kotero kuti sizingakhale zangozi, ndi kuti zitatuzi ziyenera kuti zinabadwa kwa mai mmodzi amene mwina anafa kale. Atate m'Cisansikriti ndi "pitar", m'Cilatini "pater", m'Cingelezi "father". Franz Bopp ndi Jacob Grimm a ku Germany anatsata njira imeneyi, napeza kuti zilembo sizisintha cisawawa koma motsata malamulo. Mbumba yonseyi ichedwa Indo-European. Njira yomweyo ndiyo inathandiza Wilhelm Bleek ku Cape Town, amene m'buku lace la 1862 anafalitsa dzina lakuti Bantu poona kuti munthu wathu, "umuntu" wa Abemba ndi wa Azulu, ndi "muntu" wa Atonga ndi liu limodzi.

Ndipo liu lathu lija lipezeka ku India nakonso. M'Cisansikriti "una" ndiko kuperewera. Pofuna kunena 19 iwo anati "unavimshati", ndiko kuti 20 woperewera, ndipo "unnis" wa Cihindi ca lero ndi mdzukulu wace. Agoti, amene bishopu wao Wulfila anawatembenuzira Baibulo m'zaka za ma 300, ananena "wans" za cinthu coperewera. Anthu a ku Armenia anena "unayn" za cinthu copanda kanthu. Mitundu yotalikirana cotere siikanapangana.

Akatswiri ambiri akhulupirira kuti mai wa zinenero zonsezi analankhulidwa zaka 5,000 kapena 6,000 zapitazo m'madambo aakulu a kumpoto kwa nyanja za Black Sea ndi Caspian, kumene lero kuli Ukraine ndi kum'mwera kwa Russia. Eni ace anali abusa a ng'ombe ndi nkhosa, odziwa akavalo ndi ngolo. Tidziwa zimenezi cifukwa ambiri a ana ao asunga mau ofanana onena za gudumu, goli ndi ubweya. M'caka ca 2015 anthu a sayansi amene anapima mafupa a m'manda akale anasonyeza kuti khamu lalikulu linacokadi m'madambo amenewo kulowa m'Europe. Abusawo sanadziwe kulemba, koma muzu wa liu lao, umene kamvekedwe kace kanali pafupi ndi "wa", unatanthauza kusiya, kutaya, kapena kukhala wopanda kanthu. Mwina analinena za msasa umene anausiya posamuka ndi ziweto zao.

Muzu umenewo unaphuka nthambi zina zimene muzidziwa. Aroma anacha dziko lopanda anthu "vastus", ndipo pamenepo panacokera "vast", cinthu cotakasuka ngati cipululu, ndiponso "waste", mwala wopanda mkuwa umene muunjika kunja kwa mgodi. Akatswiri ambiri aikanso pa mtengo womwewo "vacare" wa Aroma, kukhala wopanda mwini, amene anabala "vacancy". Munthu ali yense amene anaimapo pa cipata ca kampani, nawerenga cikwangwani comuuza kuti malo palibe, anawerenga liu la abusa aja.

Sitingamalize osanena za liu lina limene liyenda pamodzi ndi "vanish", lakuti "disappear". Limeneli ndi lamng'ono, pakuti linayamba kulembedwa m'zaka za ma 1400, ndipo ndi la fuko lina. "Appear" acokera ku "apparere" wa Aroma, ndiko kuonekera, ndipo "dis" atembenuza tanthauzo. Azungu a lero awasakaniza awiriwa, koma pa ciyambi anasiyana. Cinthu cimene cacita "vanish" catsala copanda kanthu. Cimene cacita "disappear" caleka kuoneka cabe, ndipo mwina cikalipo kwina. Machona athu, amene anapita ku migodi ya kum'mwera osatumizanso kalata kumudzi, anali a mtundu waciwiriwu. M'Cizulu "ukushona" ndiko kulowa kwa dzuwa kapena kumira, ndipo dzuwa likalowa silinathe ai.

Kwa zaka mazana ambiri Mngelezi ananena kuti cinthu cizimirira cokha. Kunena kuti wina wazimiriritsa mnzace ndi liu lomweli kunali kosazolowereka. Cimene cinafalitsa kanenedwe katsopano ndi coipa cimene cinacitika ku South America. Pa 24 March 1976 asilikali a ku Argentina, motsogozedwa ndi Jorge Videla, analanda boma, nalamulira kufikira 1983. Iwo anali kugwira anthu usiku m'nyumba zao ndi m'miseu: ophunzira, atsogoleri a mabungwe a anchito, olemba nkhani, ansembe. Sanawatengere ku bwalo la milandu. Anawazunza m'ndende zobisika, ndipo ambiri anawaponya m'nyanja kucokera m'ndege. Mai akapita ku polisi kukafunsa za mwana wace, anauzidwa kuti boma silimdziwa, kapena anathawira kunja. Panalibe mtembo, panalibe maliro, panalibe wopalamula. Anthu otere anachedwa m'Cisipanishi "desaparecidos", ndiwo osowa, ndipo liulo ndi mbale weniweni wa "disappear". Ubwino wa liuli kwa asilikaliwo unali wakuti silichula wocita; limveka ngati munthu wangocoka yekha. Abale a anthuwo analikhotetsa, nayamba kunena kuti ana ao sanasowe koma anasowetsedwa, ndipo olemba nkhani a Cingelezi anawatsata nayamba kulemba kuti munthu "was disappeared". Kwa mphunzitsi wa galamala kanenedwe kameneka kanali kolakwa. Kwa ife n'kosavuta, pakuti Cinyanja cisiyanitsa kusowa ndi kusowetsa ndi zilembo zowerengeka zokha.

Bungwe limene boma latsopano linakhazikitsa, lotsogozedwa ndi mlembi Ernesto Sabato, linalemba m'caka ca 1984 maina a anthu pafupifupi 9,000. Mabungwe a abale a osowawo anena kuti anali 30,000. M'caka ca 2006 United Nations inabvomereza pangano loletsa maboma kusowetsa anthu, ndipo linayamba kugwira nchito m'caka ca 2010.

Pakati pa oyamba kutsutsa poyera panali amai 14, amene pa 30 April 1977 anasonkhana pa bwalo la Plaza de Mayo ku Buenos Aires, patsogolo pa nyumba ya boma, kufunsa za ana ao. Pambuyo pace anazolowera kuzungulira pa bwalolo Lacinai liri lonse atavala mipango yoyera. Mmodzi wa oyambitsa, Azucena Villaflor, anagwidwa iyenso pa 10 December caka comweco. Mtembo wace unakankhidwa ndi mafunde pa gombe, nuikidwa m'manda opanda dzina. M'caka ca 2005 akatswiri opima mafupa anauzindikira, ndipo phulusa lace linaikidwa pakati pa bwalo lomwelo pamene iye anali kuyendapo.